Masamu ku Makanjira: kuchokera pa minyanga kufika pa bolodi

Kale kwambiri kusanabwere choko ndi bolodi, anthu a ku Makanjira, kutsidya la kum'mawa kwa nyanja m'boma la Mangochi, ankadziwa kuwerengera. M'zaka za m'ma 1800 mfumu ya Ayao, Makanjira, inali ndi malonda aakulu ndi anthu a ku Kilwa. Minyanga ya njovu inkapita, nsalu, mikanda ndi wonga zinkabwera, ndipo mwachisoni anthu nawonso ankagulitsidwa. Wamalonda ankayeza nsalu ndi mkono wake, ndipo ankawerenga ndi zala: zisanu, zisanu ndi chimodzi, mpaka khumi. Mwana ankaphunzira masamuwa poyang'ana akulu, osati pa phunziro.

Cha m'ma 1870 mfumuyi inalowa Chisilamu, ndipo ana anayamba kuwerenga ndi kulemba zilembo za Chiarabu kumadarasa. Masamu a m'kalasi anadza ndi amishoni, omwe anakhazikika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Likoma mu 1885. Koma makolo ambiri achiyao ankakana kutumiza ana awo kusukulu za amishoni, poopa kuti akasiya chipembedzo chawo. N'chifukwa chake sukulu zinachedwa kuzika mizu kuderali.

Amene analowa m'kalasi anakumana ndi ndalama za Angerezi zovuta kuwerengera: mapeni 12 ankapanga shilingi, mashilingi 20 n'kupanga paundi. Mu 1971 kunabwera kwacha ya matambala 100, ndipo kuphatikiza ndi kuchotsera ndalama kunapepuka.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. M'dziko lonse ophunzira anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni. Makalasi anasefukira, mabuku anachepa, aphunzitsi n'kudalira timiyala, timitengo ndi zitsekerero za mabotolo pophunzitsa Sitandade 1.

Lero mnyamata wa ku Makanjira amatha kuwerengera phindu la ndowa za usipa pamtima, koma n'kulephera funso lomwelo likalembedwa pa bolodi. Nzeru ali nazo; chimene chimasowa ndi womuthandiza kulumikiza za kudoko ndi za m'kope. Aphunzitsi, yambirani pa zomwe mwana akuzidziwa kale. Makolo, musalole nyanja ichotse ana m'kalasi asanadziwe kuchulukitsa ndi kugawa.