Malamulo a panyanja olembedwa m'mbali mwa Thames

Inu amene mumadutsa pa Lambeth Bridge popita ku shifiti, mwina munaionapo nyumba ina pa Albert Embankment yokhala ndi chiboliboli cha sitima pakhomo. Limenelo ndi likulu la IMO, nthambi ya United Nations yoona za sitima zapanyanja. Malawi ndi membala kuyambira 1989. Mwina mukufunsa kuti, ife opanda nyanja yamchere tikufunako chiyani kumeneko?

Tiyambe ndi mbiri. IMO inayamba kukumana mu 1959, ndipo nkhawa yake yaikulu inali chitetezo cha sitima ndi anthu okwera. Zinthu zinasintha pa 18 March 1967, pamene sitima ya Torrey Canyon inagunda miyala pakati pa Cornwall ndi Isles of Scilly itanyamula matani oposa 100,000 a mafuta. Mafutawo anafika m'magombe a England ndi France, mbalame zam'madzi zinafa zambirimbiri. Boma la Britain linachita kuiphulitsa sitimayo ndi mabomba. Tsono vuto linali ili: sitimayo inalembetsedwa ku Liberia, ndiye alipire ndani?

Mayankho anabwera pang'onopang'ono. Mu 1969 maiko anagwirizana kuti mwini sitima ndiye azilipira mafuta akatayika. Mu 1973 kunabwera pangano la MARPOL loletsa sitima kuipitsa nyanja, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1983. Mu 2020 mlingo wa sulphur m'mafuta oyendetsera sitima unatsitsidwa kuchoka pa 3.5 kufika pa 0.5 peresenti. Malonda apanyanja sanafe chifukwa cha malamulowa, anapitirira kukula.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Mafuta agalimoto ndi feteleza zimene Malawi amagula zimatsikira ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Fodya ndi tiyi wathu amatulukira komweko. Lamulo likakweza mtengo woyendetsera sitima, mapeto ake amaumva ndi mlimi wa ku Dedza pogula thumba la feteleza. Komanso mafuta atati atayike padoko la Beira, msodzi wa kumeneko ndi wamalonda wa ku Limbe alira limodzi.

Chimene chimandikhudza n'chakuti pafupifupi lamulo lililonse lalikulu linadikira ngozi kaye. Kwathu tili ndi chitsanzo china. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, kuyambira m'ma 1950, mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi m'nyengo yamvula kuti utaka uswane, ndipo asodzi amabwererako chaka ndi chaka n'kupeza nsomba. Anadziwa kuti wosunga nsomba lero ndi amene adzagulitse mawa.

Choncho Malawi akamakhala pampando wake ku Lambeth asamangomvetsera, abale anga. Ali ndi mtengo wa feteleza woti auteteze, komanso nzeru za ku Mbenji zoti auzeko anzake.