Kukonza n'kwina, kubwezeretsa mwakale n'kwinanso

Mnyamata wina wophunzira umakaniko anawerenga za anthu a ku America amene amagula timathirakitala takale n'kutimasula chitsulo chimodzichimodzi mpaka kutsala felemu yokha. Chinamuzunguza mutu n'chakuti mmodzi wa anthuwo anachotsa injini yatsopano, yolira bwinobwino, n'kubwezerapo yakale imene anachita kuisakasaka. Funso lake linali lakuti: kodi munthu wotereyu akukonza kapena akuwononga? Funsoli n'lomveka, ndipo wochititsa ndi mneni “kukonza”. Timakonza njinga, timakonza chakudya, timakonza m'nyumba, timakonza ukwati. Tikafika naye m'galaja, mneni yemweyu amaphimba ntchito zitatu zosiyana cholinga, nthawi ndi mtengo.

Makinawo eni ake amawatcha garden tractor, ndipo womasulira wapaliwiro angangoti “thirakitala ya kudimba”. Koma dimba lathu ndi la kudambo, kumene timathirira mpiru ndi tomato m'chilimwe. Aka n'ka pakhomo, kotchetchera kapinga, kugalauzira kamunda ka kuseri kwa nyumba ndi kukankhira chipale chofewa m'nyengo yozizira. Ine ndingati “kathirakitala ka pakhomo”, poti ka- wathuyu wanena kale za kuchepa kwake. Elmer Pond anayamba kupanga timene tinadzatchedwa Wheel Horse ku South Bend mu 1946. International Harvester inatulutsa Cub Cadet mu 1961, ndipo John Deere inabwera ndi 110 mu 1963, kopangidwa ku Horicon ndi injini ya Kohler ya silinda imodzi. Chaka choyambacho John Deere inapanga 1,000 tokha, n'chifukwa chake osonkhanitsa makina akale amatisaka kwambiri.

Ntchito yoyamba ndi imene tonse timaidziwa. Petulo wokhalitsa wasiya utomoni m'kabuleta, pulagi yada, lamba waduka. Makaniko atsuka, asintha, injini ilira. Uku ndiye kukonza kwenikweni, ndipo cholinga n'chakuti makina abwerere pantchito. Sipeya yachokera kuti, palibe amene amafunsa.

Yachiwiri imapita patali. Injini imatsitsidwa, silinda imakulitsidwa pang'ono kuti mulowe pisitoni yokulirapo, maringi ndi magasiketi amakhala atsopano, dzimbiri limapalidwa, penti amapakidwa. Ambiri amalemba kuti “kukonzanso”, koma mawuwa ali ndi msampha. Mukauza mwini galimoto kuti “ndikukonzanso injini yanu”, iye amamva kuti ntchito yoyamba ija munalephera. Amakaniko analizemba kale vutoli: pa injini amati ovaholo, ndipo aliyense amamva. Pa makina onse, kuyambira matayala mpaka mpando, ine ndimakonda “kutsitsimutsa”. Chotsitsimutsidwa chimapezanso mphamvu popanda lonjezo loti chidzaoneka ndendende monga kale. Wotsitsimutsa ali ndi ufulu woikapo injini ya kampani ina ngati yakwana.

Yachitatu ndi imene inasokoneza mnyamata uja. Pano muyeso ndi tsiku limene makinawo anatuluka m'fakitale. Wogwira ntchitoyi amayamba wawerenga nambala ya pakachitsulo kokhomedwa pafelemu kuti adziwe chaka, kenako n'kufufuza kuti chaka chimenecho injini inali iti, mpando unali wotani, zomata zinali pati. John Deere 110 ya 1963 inali ndi injini ya mahosipawa 7, pamene ya 1964 inali ndi ya 8; kuika ya 8 pa ya 1963 n'kulakwa ngakhale ikukoka bwino. Penti naye sasankhidwa mwachisawawa: wobiriwira ndi wachikasu pa John Deere, wofiira pa Wheel Horse, wachikasu ndi woyera pa Cub Cadet. Ntchito iyi dzina ili nalo kale m'Chichewa, “kubwezeretsa mwakale”. Mawuwa akunena chochitika, akunenanso kumene chinthucho chikubwerera.

Kwathu kuno ntchito yachitatuyi si yofala, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Massey Ferguson 135, imene inayamba kupangidwa mu 1964, ku Britain amaionetsa pazionetsero itapukutidwa mbee, pamene m'maiko ambiri a mu Africa ikadakoka ngolo ndi pulawo. Mwini wake akufuna ilime mvula isanagwe. Makaniko amene amawotcherera, kudula ndi “kumodifaya” sipeya ya galimoto ina kuti ikwane ndi katswiri ndithu, koma luso lake likulowera kosiyana ndi kwa wobwezeretsa mwakale. Tikawatcha onse “okonza”, tabisa kusiyana kumene wophunzira ayenera kukuona.

Apa ndipo ndimasiyana ndi magulu awiri. Alipo ofuna kuti dzina lililonse likhale la Chichewa chenicheni, kabuleta akhale “chosakanizira mpweya ndi mafuta”. Kumeneko n'kutanthauzira, ndipo n'kothandiza m'kalasi, koma palibe angakagule nako sipeya ku Biwi kapena ku Ndirande. Kabuleta, pisitoni, gasiketi ndi girizi analowa kale m'chinenero monga momwe analowera sukulu ndi buku. Alipo enanso ongobwereka chilichonse, aneni omwe, mpaka mawu achingerezi a ntchito zitatuzi kusanduka phokoso limodzi losadziwika malire. Maganizo anga ndi akuti maina a zitsulo tibwereke, poti zitsulozo zinabwera ndi maina ake, koma aneni onena cholinga cha ntchito akhale athu. Pamenepo Chichewa sichisowa kanthu.

Nanga woika malirewa ndani? Chichewa chinakhala chinenero cha fuko mu 1968, ndipo Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972 kuti iyang'anire kalembedwe ndi mawu. Mu 1996 ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Komabe lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chophunzitsira, ndipo mabuku ndi mayeso a zaumisiri ali m'Chingerezi. Chotsatira chake n'chakuti wophunzira amalemba mayeso m'chinenero china, n'kukagwira sipanala ndi kukambirana mtengo m'chinenero china. Mawu a m'galaja amangoyenda pakamwa, osalembedwa, osasanthulidwa.

Sitifunika komiti yopeka mawu atsopano. Tifunika anthu a zinenero amene angakhale pansi ndi amakaniko, kulemba zimene amanena kale, kugwirizana kalembedwe kake, ndi kusiyanitsa aneni pamene mneni mmodzi wachulukidwa ntchito. Phindu lake lidzaonekera pa kapepala ka mtengo. Mwini makina akamva “kukonza”, “kutsitsimutsa” kapena “kubwezeretsa mwakale”, adzadziwa chimene akulipirira ntchito isanayambe.