Chitsamba cha Mugwort pa Mankhwala a Makolo a ku China: Ntchito Yake ndi Zoyenera Kusamala

Mugwort ndi chitsamba cha masamba owawa, a fungo lamphamvu, otuwa kunsi kwake. Anthu a ku China amachitcha ai, ndipo akatswiri a zomera amachidziwa ndi dzina loti Artemisia argyi. Masamba otchuka koposa amachokera ku Qichun, m'chigawo cha Hubei, kwawo kwa sing'anga Li Shizhen, amene analongosola za chitsambachi m'buku lake lotchedwa Bencao Gangmu.

Ntchito yake yodziwika kwambiri ndi yotenthetsa thupi. Masamba amaumitsidwa ndi kusungidwa zaka zingapo, kenaka amasinjidwa kufikira atafewa ngati thonje. Thonjelo amalikulunga ngati ndudu yonenepa, n'kuliyatsa, ndipo sing'anga amaliyandikiza pakhungu kuti kutentha kulowe pang'onopang'ono. Malinga ndi chiphunzitso chawo, njirayi imathandiza pa matenda amene amati amadza ndi kuzizira, monga kuphwanya kwa m'mfundo ndi kupweteka kwa m'mimba pa nthawi ya msambo. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika luso limeneli, pamodzi ndi lobaya masingano, m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a padziko lonse. Ulemuwo ndi wa chikhalidwe. Si umboni woti njirayi imachiza.

Masamba ena amawiritsidwa n'kumwa madzi ake, koma buku la boma la China lolongosola mankhwala limanena kuti ali ndi poizoni pang'ono, ndipo limaika mlingo wa magalamu 3 mpaka 9 basi. Kupyola muyezo kumasanzitsa ndipo kungawononge chiwindi. Amayi oyembekezera asamwe popanda uphungu wa dokotala. Motowo umapsereza, makamaka odwala shuga amene khungu lawo linachita dzanzi, ndipo utsi wake umadzutsa mphumu.

Alimi ndi amalonda azindikire kuti mugwort si mankhwala a malungo. Chisokonezo chimadza chifukwa cha mbale wake, Artemisia annua, amenenso dzina lake limayamba chimodzimodzi. M'chitsamba chimenecho ndi mmene Tu Youyou ndi anzake anapeza artemisinin mu 1972, gwero la mankhwala a LA amene amaperekedwa m'zipatala za m'Malawi. Ngakhale masamba a Artemisia annua omwewo, bungwe la WHO sililimbikitsa kuwamwa ngati tiyi pochiza malungo, popeza mphamvu yake imasiyana mbewu ndi mbewu, ndipo mlingo wopereweza umapatsa tizirombo mpata wozolowera mankhwala.