Kompyuta inafika kale, nanga ndalama zinadzera pati?

M'misika ya ku Mandimba ndi ku Cuamba mumamveka kawirikawiri kuti boma likadzangoyamba kugula katundu wake kudzera pa intaneti, ziphuphu zidzatha. Amatero amalonda, amateronso amisiri omanga. Mbiri ya Mozambique ikukana kuvomereza msanga. Kompyuta inalowa m'chuma cha boma mu 2004, ndipo ndalama zochuluka zedi zimene dziko lino linataya zinapita iyo ili kale pa desiki.

Kale kuno zinthu zinkayenda mosiyana. Mpaka 1929 dera lino linali m'manja mwa Companhia do Niassa, ndipo atsamunda ankalambula misewu ndi thukuta la anthu ogwidwa chibalo. Ufulu utabwera mu 1975, boma linkagula zambiri kwa makampani ake omwe. Kenako nkhondo inatseka misewu, mabanja n'kuthawira ku Mangochi, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Zolembedwa zimayamba kuchuluka mu 2002, pamene panatuluka lamulo lokhazikitsa SISTAFE, dongosolo loyendetsera chuma cha boma. Mu Novembala 2004 dongosololi linayamba kuyenda pa kompyuta, dzina lake e-SISTAFE, ndipo pang'onopang'ono malipiro anayamba kuchoka m'thumba limodzi la boma kupita mu akaunti ya wogulitsa, osadutsa m'manja mwa munthu. Pa 13 Disembala 2005 panatuluka Decreto 54/2005, lamulo la kagulidwe. Ofesi iliyonse ya boma inayenera kukhala ndi kagulu kogula kotchedwa UGEA, ndipo ku unduna wa zachuma kunaikidwa UFSA yoyang'anira onsewo. Lamuloli linalembedwanso mu 2010, mu 2016 ndi mu 2022.

Papepala zinali bwino. Koma taganizirani kalipentala wa ku Massangulo, m'boma la Ngauma, amene amakhoma madesiki olimba ndipo sukulu yosowa madesiki akuiona ali pakhomo pake. Kuti alowe concurso, mpikisano wa ogulitsa, afunika NUIT (nambala ya msonkho), alvará (chiphaso cha bizinesi), akaunti ya ku banki, ndi certidão de quitação yotsimikiza kuti alibe ngongole ya msonkho kapena ya INSS, thumba la penshoni la ogwira ntchito. Mapepala enawo amatha ntchito pakapita miyezi. Chilengezo chimamatidwa pa bolodi la ku ofesi kapena kutuluka mu nyuzipepala ya Notícias yosindikizidwa ku Maputo, ndipo kwa zaka zambiri msewu wa N13 wopita ku Lichinga kapena ku Cuamba unali wafumbi, dzinja n'kusanduka matope. Pofika poti wasonkhanitsa zonse, tsiku lotsekera ladutsa, ntchito yapita kwa wamalonda wa m'tauni amene ali ndi kalaliki wosunga mafayilo.

Pamene wamng'onoyu ankavutika ndi zidindo, nkhani yaikulu inkachitikira kwina. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu ogwirizana ndi boma anakongola pafupifupi madola 2 biliyoni ku mabanki akunja, dziko n'kukhala chikole, aphungu osafunsidwa. Ndalamazo ankati ndi zogulira mabwato ophera nsomba ndi zida zolondera nyanja. Panalibe mpikisano wapoyera, panalibe chilengezo pa bolodi lililonse.

Gawo lobisika la ngongoleyo linaululika mu Epulo 2016, patangotha mwezi umodzi lamulo latsopano la kagulidwe la pa 8 Malichi litavomerezedwa. IMF inaimika thandizo lake, mayiko othandiza bajeti nawo n'kutseka dzanja. Dola imodzi, imene kumayambiriro kwa chakacho inkagulidwa ndi meticais pafupifupi 45, inayandikira 80 chisanathe. Ofufuza akunja anapeza mu 2017 kuti madola 500 miliyoni sakudziwika kumene anapita, ndipo mu Disembala 2022 khothi la ku Maputo linapeza anthu 11 olakwa mwa 19 amene anazengedwa mlandu. Mabwato ambiri ophera nsomba aja anachita dzimbiri pa doko. Anthu a ku Niassa, amene ambiri nyanja ya mchere sanaioneko, anailipira ngongoleyo pa mtengo wa mafuta, sopo ndi simenti, ndipo m'dziko monse ogulitsa amene anapereka kale katundu ku boma anadikira malipiro awo miyezi, ena zaka.

Kutsidya kwa malire a pa Chiponde phunziro linabwera mwa njira ina. Mu 2013 ku Malawi, pa nkhani ya Cashgate, akuba analowa m'kompyuta momwemo, kulipira makampani amene sanapereke kanthu, kenako n'kufufuta zolembedwa.

Cholakwika chikuoneka kuti n'chakuti makina anayambira kumchira. Anatchinjiriza polipira, pamene posankha wogulitsa, pomwe pamakambidwa za refresco (kachiphuphu kaja), panatsala m'chipinda chotseka. Lamulo limalolanso ajuste directo, kugula kwa munthu mmodzi popanda mpikisano. Njirayi ndi yofunika mlatho ukakokoloka kapena mliri ukabuka, koma ikazolowereka imakhala ngati chipata cha kuseri kwa khola: kutsogolo mwatseka ndi mitengo, mbuzi zikutulukira kumbuyo. Zimawawa kuona kuti amene amafufuzidwa kwambiri ndi wa madesiki makumi awiri.

Izi sizikutanthauza kuti intaneti ilibe ntchito. Ku Ukraine, dongosolo la ProZorro limene linakhazikika mu 2016 linatchuka chifukwa aliyense amatha kuona amene anapikisana, mitengo yawo ndi amene anapambana. Mphamvu yake ili pamenepo, pa maso a anthu wamba.

Polumbira mu Januwale 2025, Pulezidenti Daniel Chapo analonjeza kukhazikitsa Central de Aquisições do Estado, likulu loyang'anira zogula za boma. Kuno foni zinafika kale m'midzi kuyambira pamene Movitel inayamba ntchito mu 2012, ndipo alimi a fodya ndi nandolo amatumizirana ndalama pa e-Mola ndi M-Pesa. Chimene wogulitsa wa ku Mandimba akufuna kuona pa foni yomweyo ndi chilengezo pa tsiku limene chatuluka, dzina la wopambana ndi mtengo wake, chifukwa cholembedwa cha ajuste directo iliyonse, ndi tsiku limene fakitura yake idzalipidwe.