Makiyi atatu a amalume

Anzanga a m'kalabu, titatha kumvera pologalamu ya nyimbo zakale sabata yatha, mnyamata wina woimba kiyibodi kutchalitchi anaseka nati: "Akuluakuluwa ankangodziwa makiyi atatu basi." Sananame ayi. Koma zinandiwawa, chifukwa makiyi atatuwo anayenda ulendo wautali kuti afike kuno ku Malowera.

Ife amene tinaphunzira Chipwitikizi timati dó, fá, sol. Abale athu a ku Petauke amati C, F, G. Kayendedwe kake n'kotere: uyambe pa C, upite pa F, ubwerere pa C, ufike pa G, kenako uyambirenso. Nyimbo yonse imangozungulira pomwepo. Kazunguliridwe kameneka kanakulira m'makomboni a ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, m'nyimbo zotchedwa marabi, ndipo m'ma 1950 kanalowa m'nyimbo za kwela, zija za chitoliro cha Spokes Mashiyane.

Nanga kanafika bwanji kwathu? Amuna ambiri a ku Tete ankathawa chibalo ndi msonkho n'kukagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, kumene mbale za galamafoni za ku Joni zinali ponseponse. Pobwerera ena ankanyamula gitala kapena banjo. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka nawonso kwela anaidziwira ku Salisbury ali ana, ndipo Gerhard Kubik anajambula nyimbo zawo mu 1967. Wayilesi inathandizanso: kuyambira 1949 kunabwera kawayilesi kotsika mtengo ka Saucepan Special, anthu n'kumamva gitala ya Alick Nkhata kuchokera ku Lusaka.

Amalume anga anali mmodzi wa obwerera ku Salisbury. Popeka nyimbo sankayamba ndi mawu. Ankayamba azunguza makiyiwo, phazi likugunda pansi, mpaka zala zizolowere kusintha pamene phazi lagwa. Mawu ankabwera pambuyo, ndipo ankawalowetsa pakatikati, mwina pa F, mwina G asanathe, moti ndime iliyonse inkamveka yatsopano pamene makiyi ali omwewo. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake kaimbidweka sikanavute kuzika mizu kuno. Nyimbo za pamtondo ndi za bangwe zinali zozungulira kale, wina akutsogolera ena akuvomera. Gitala inangopeza njira yolambula kale.

Gitala ya amalume inatsala m'nyumba pamene tinkathawa nkhondo kupita ku Zambia. Ku Ukwimi anapanga banjo ya chigubu cha mafuta ophikira ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo pa banjo imeneyo ndi pamene ine ndinaphunzirira. Mtendere utabwera mu 1992 tinabwerera nayo, eni ake titawaika m'manda konko.

Banjoyo ilipo, khosi lake linangopindika pang'ono. Ndibwera nayo Loweruka pa msonkhano wa kalabu. Achimwene a kiyibodi, mubwerenso ndi yanuyo, koma batani lija loimba ng'oma lokha mulizimitse, tiyese kupeka ndime zinayi pa C, F ndi G.