Mutu Ukasokonezeka kwa Wodwala Impso

Munthu wa dialysis akafika ku Toronto General Hospital akubwebweta, osazindikira ngakhale ana ake, dzina loyamba kubwera pakamwa pa madokotala ndi uremic encephalopathy. Impso zikasiya kusefa, zoipa zimaunjikana m'magazi n'kuledzeretsa ubongo. Kawirikawiri zimakhaladi choncho, ndipo makina akatsuka magazi munthu amatsitsimuka. Koma dzinali limakhutiritsa msanga, moti dokotala wotopa atha kulekera pomwepo.

Mankhwala a ulesi umenewu amatchedwa differential diagnosis, mndandanda wa matenda onse amene angaoneke chimodzimodzi. Pamenepo pali ndi mankhwala omwe: cefepime, impso zikalephera kumutulutsa, amasokoneza mutu mpaka kugwetsa munthu ngati wakhunyu. Pansi penipeni pali mabakiteriya awiri osowa, amene amapha akaiwalika.

Woyamba ndi Listeria monocytogenes, amene anthu a ku Toronto amamukumbuka. Mu 2008 nyama yochekacheka yokhala ndi bakiteriyayu yochokera ku fakitale ya Maple Leaf Foods mumzindawu inapha anthu oposa 20 m'dziko la Canada, ambiri okalamba ndi ofooka m'thupi. Kachilomboka kamaswana ngakhale mufiriji. Kakalowa m'tsinde la ubongo, pamene pamalamulira kumeza ndi kupuma, madokotala amati rhombencephalitis. Khosi mwina siliuma n'komwe, ndipo wodwala impso sachedwa kudwalika thupi lisanatenthe. Choopsa china n'chakuti ceftriaxone, amene ngakhale ku Queens ku Blantyre amadaliridwa pa matenda oumitsa khosi, sakapha kachilomboka. Pamafunika ampicillin.

Wachiwiri, Nocardia, amakhala m'dothi. Munthu amamupuma ndi fumbi, ndipo kuchoka m'mapapo amakamanga chithupsa cha mafinya mu ubongo. Amakonda amene anapatsidwa impso ya munthu wina n'kumamwa tacrolimus wofooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo Toronto General ili ndi odwala otere ambiri. Mu labotale amamera mochedwa, mwina mpaka milungu iwiri kapena kupitirira. Dokotala akapanda kunena kuti akumukayikira, mbale zomeretsera zimatayidwa asanaonekere. Apa ndiye pamathandiza njira yotchedwa 16S, yowerenga chibadwa cha bakiteriya m'mafinya ngakhale atakana kumera.

Kuyeza nako kuli ndi zopinga zake. Chithupsa chimaoneka bwino pa MRI akabaya gadolinium, koma mu 2006 zinadziwika kuti mitundu ina ya mankhwalawa imaumitsa khungu la anthu olephera impso, matenda otchedwa nephrogenic systemic fibrosis. Lero amasankha mitundu yosaopsa kwambiri, ndipo kwa ine kumana wodwala chithunzi chimenechi chifukwa cha mantha akale n'kumulakwira. Kutenga madzi a kumsana, kumene achibale kwathu amakuopa kwambiri, kumadikira kaye kuti heparin wa pa dialysis, woletsa magazi kuundana, athe mphamvu, ndiponso kuti chithunzi chitsimikize kuti m'mutu mulibe chithupsa chopanikiza ubongo. Podikira zonsezi amayamba atenga magazi okameretsa, n'kuyambitsa mankhwala tsiku lomwelo.