Miyala ya ku Selukwe ndi Mapepala Ake

Pa zaka zimene ndinagwira ntchito yoombolera anthu katundu pa chipata cha Mwanza, ndinaona kuti mafunso akuluakulu a wa kasitomu ndi awiri: katunduyu n'chiyani, nanga wachokera kuti? Mbiri ya miyala ya chrome ya ku Zimbabwe yagona pa mafunso omwewa. Imandikhudza chifukwa agogo anga aamuna anali m'gulu la anthu a ku Nyasaland amene anapita ku Halale kukalowa m'migodi ya ku Selukwe, tauni imene lero ndi Shurugwi. Pobwerera anatenga kachibenthu kamodzi, kakuda bii, kolemera koposa mmene kamaonekera. Ukakakhutiza pa phale la mbale kankasiya mzere wofiirira.

Mwala umenewu ndiwo umateteza chitsulo ku dzimbiri. Chitsulo cha masupuni ndi mipeni ya madokotala chimakhala ndi chromium yosachepera 10.5 peresenti, ndipo opanga zida zankhondo sangachite popanda iyo. N'chifukwa chake migodi ya ku Selukwe, imene inayamba kutulutsa chrome chaka cha 1910 chisanafike, inadzakhala m'manja mwa Union Carbide, kampani ya ku America. Miyalayo inkayenda pa njanji mpaka kudoko la Beira.

Funso lakuti wachokera kuti linakula pa 11 November 1965, pamene Ian Smith, wobadwira ku Selukwe komweko, analengeza kuti Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, yadzipatsa ufulu pansi pa ulamuliro wa azungu ochepa. Mu December 1966 bungwe la United Nations linaletsa mayiko kugula katundu wina wa dzikolo, kuphatikizapo fodya, shuga, asbestos ndi chrome. Mu 1968 chiletsocho chinafika pafupifupi pa malonda onse.

Koma migodi sinatseke. Chimene chinasintha ndi mapepala. Miyala yokumbidwa ku Selukwe ndi ku Mtoroshanga inkafika kwa ogula ndi ziphaso zonena kuti ndi ya ku South Africa kapena Mozambique. Komatu mwala sunama: wa ku Selukwe uli ndi chromium yambiri poyerekeza ndi chitsulo chimene chili momwemo, kuposa wa ku Bushveld ku South Africa, ndipo woupima bwino ankatha kuusiyanitsa. Ogula ambiri anasankha kukhulupirira pepala.

America inachita poyera. Mu 1971, senator wa ku Virginia, Harry F. Byrd Jr., anabweretsa lamulo lakuti boma lisaletse kugula mwala wofunika pa chitetezo kuchokera ku dziko losakhala la chikomyunizimu ngati mwala womwewo ukugulidwa kwa achikomyunizimu. Popeza America inkagula chrome ku Soviet Union, khomo la Rhodesia linatseguka mu January 1972. Ndalama zakunja zimenezo zinkalowa m'dziko la Smith pamene nkhondo yomenyera ufulu inkakolera. Samora Machel atatseka malire a Mozambique mu March 1976, katundu anatembenukira kumwera, pa njanji ya Rutenga ndi Beitbridge imene inamangidwa mu 1974. Lamulo la Byrd linasiya kugwira ntchito pa Rhodesia mu March 1977, pa ulamuliro wa Jimmy Carter.

Ufulu utabwera mu 1980, funso linalo, lakuti katunduyu n'chiyani, ndilo linatsala. Kuyambira 1988 makasitomu a mayiko ambiri amagwiritsa ntchito buku limodzi la manambala a katundu, Harmonized System, limene limasungidwa ndi World Customs Organization ku Brussels. Mwala wa chrome wosasungunula, ngakhale utaperedwa ndi kutsukidwa, nambala yake ndi 2610, m'chaputala 26. Ukadutsa m'ng'anjo n'kusanduka ferrochrome umasamukira ku 7202, ndipo umalembedwa 7202.41 ngati carbon yake yaposa 4 peresenti. Pakati pa manambala awiriwa pali magetsi, ntchito za anthu ndi mtengo wokwera. Ng'anjo za ku Gweru ndi Kwekwe zinamangidwa kuti mwala uzituluka utasungunulidwa kale, ndiye kuti pa nambala yachiwiriyo m'buku la lero. Boma la Zimbabwe linaletsa kutumiza kunja mwala wosasungunula mu 2011, linachotsa chiletsocho mu 2015, kenako linachibwezeretsa mu 2021. Kusinthasintha kumeneku kwavutitsa kwambiri okumba ang'onoang'ono a pa Great Dyke, mtandadza wa miyala ya chrome wa m'dzikolo, amene ogula awo amachepa chiletso chikabwera.

Pa fomu ya kasitomu palibe malo olembapo dzina la wokumba. Machona ambiri a kwathu anakalambira m'makomboni a migodi imeneyi, ndipo ana ndi zidzukulu zawo, amene ena akulankhulabe Chichewa, avutika zaka zambiri kupeza zitupa za unzika. Tsopano Malawi nayo ikutsegula migodi, monga wa ku Kangankunde ku Balaka. Nduna isanasaine pangano lililonse, tiziifunsa kuti mwala wathuwo udzatuluka pa chipata ndi nambala iti, ndiponso kuti woukumbayo adzapeza chiyani.